Musanagule DAC, yambani mwaona kumbuyo kwa CD player yanu

CD player ili ndi mbali ziwiri mkati mwake. Ina imazunguza chimbale n'kuwerenga manambala ndi kuwala kwa leza (laser), ndipo imeneyi ndiyo amati transport. Inayo ndi DAC, yomwe imasandutsa manambalawo kukhala nyimbo yopita ku ampulifaya. Transport yogulitsidwa payokha ilibe DAC, ndiye mukaigula yokhayokha m'nyumba mukhala zii.

Tembenuzani makina muli nawowo. Ngati pali kabowo kolembedwa Digital Out, transport muli nayo kale, ndipo mutha kulumikizapo DAC yapadera. Kabowoka kamakhala ka coaxial kapena ka optical. Kabowo ka coaxial kamafuna chingwe cha 75 ohm. Chingwe chachikasu chija cha vidiyo chimakwana bwinobwino, koma zofiira ndi zoyera zija si zake. Optical, yotchedwanso TOSLINK, imatumiza kuwala osati magetsi, choncho ngati sipika zikulira ngati njuchi mukalumikiza coaxial, optical ndiye mankhwala ake. Chingwe chake musachipinde kwambiri, chimathyokera mkati osaoneka.

Manambala apakatoni asakukopeni. Muyezo umene Philips ndi Sony anakhazikitsa mu 1980 ndi 16-bit pa 44.1 kHz, ndipo chimbale chilichonse cha nyimbo chimathera pomwepo. DAC ya 32-bit siingatulutse zomwe pachimbale palibe. Onani kaye ngati ili ndi mabowo ofanana ndi a transport yanu, chifukwa ma DAC ang'onoang'ono ambiri ali ndi USB yokha.

Poyerekeza DAC ndi CD player m'pamene ambiri amapusitsidwa. Khutu limakonda chomwe chakwera voliyumu, ngakhale pang'ono pokha, n'kumati chimenecho ndiye chabwino. Ma CD player ambiri amatulutsa pafupifupi mavoti 2, pamene ma DAC ena amaposa apo. Ikani chimbale choyesera chokhala ndi kaliwu ka 1 kHz, tsitsani voliyumu, ikani mita yoyezera magetsi pa AC, muyeze pa mawaya a sipika. Lembani pomwe voliyumu iyenera kukhala kuti zonse ziwiri zipereke nambala yofanana. Kenako wina azisintha inu musakuona. Mukalephera kusiyanitsa, ndalamazo zipite ku sipika kapena kukonza kaikidwe ka sipikazo m'chipinda, poti kumeneko kusintha kumamveka msanga.

Mukamagula CD player kapena transport yogwiritsidwapo kale ntchito, chomwe chimayamba kutha ndi leza ndi lamba wokankha thireyi yoikapo chimbale. Tengani zimbale zitatu: chabwinobwino, chokandika pang'ono, ndi CD-R (chimbale chojambulira nokha pa kompyuta). Leza yofooka imayamba kukana CD-R. Chimbale chimawerengedwa kuchokera pakati kupita kumphepete, choncho dumphirani nyimbo yomaliza pa chimbale chodzaza mumve ngati ikujejema. Thireyi ikamatuluka monyinyirika, kawirikawiri ndi lamba amene watanuka, wosavuta kusintha. Makina akamalemba No Disc, pukutani kagalasi ka leza mopepuka ndi kathonje konyowetsa pang'ono ndi sipiriti ya isopropyl. Zikapanda kusintha, fufuzani ngati leza ya mtundu umenewo ikupezekabe musanalipire, chifukwa zina anasiya kupanga.

DVD player nayo itha kugwira ntchito ya transport, bola muisankhire PCM pa menyu, womwe ndi mtundu wa manambala umene DAC imatha kuwerenga. Ena mwa makinawa amadula kaphokoso pakati pa nyimbo zolumikizana, ndiye yesani ndi chimbale chojambulidwa pa konsati.

Polumikiza ku ampulifaya, lowetsani pa CD, AUX kapena Line. Pa Phono ayi: pamenepo mpa galamafoni, mphamvu ya DAC imachuluka ndipo nyimbo imatuluka yophwanyika.