Kompyuta ikamasankha adiresi yolakwika: kukonza netiweki ya IPv4 ndi IPv6 mu ofesi

Windows, Linux ndi Android zimabwera IPv6 itayatsidwa kale, choncho ofesi ya kopaletivu ya alimi a soya pa Boma ku Kasungu ikhoza kumayenda pa njira ziwiri za maadiresi a netiweki, yakale ya IPv4 ndi yatsopano ya IPv6, eni ake osadziwa. Mumazindikira tsamba likamatseguka pa foni koma kukanika pa laputopu, kapena pulogalamu ya maakaunti ikamazengereza kufika pa seva.

Musanagwire rauta, onani maadiresi. Lembani ipconfig /all pa Windows, kapena ip addr pa Linux. Yoyamba ndi 192.168, 10, kapena 172.16 mpaka 172.31 ndi IPv4 ya m'kati. Ya 169.254 ikusonyeza kuti DHCP, yomwe imagawira makina maadiresi, sinayankhe. Ya fe80 isakunamizeni, makina aliwonse amadzipatsa okha ndipo sidutsa rauta. Ya fd ndi ULA, ya m'kati mokha. Yotuluka kunja imayamba ndi 2 kapena 3.

Kenako yesani dzina limodzi la tsamba kapena seva kawiri, ping -4 ndi ping -6. Yoyamba ikayankha, yachiwiri ili chete, vuto lili ku IPv6.

Kompyuta ya Windows sisankha mwachisawawa, imatsata tebulo la mu chikalata cha malamulo a intaneti cha RFC 6724 cha 2012. Lioneni ndi netsh interface ipv6 show prefixpolicies. Ya nambala yaikulu ndiyo imatsogola: IPv6 yakunja ili ndi 40, IPv4 ili ndi 35, ULA ili ndi 3 basi. Ndiye makina akakhala ndi adiresi yakunja ya IPv6 yakufa, amayamba kuyesa yomweyo. Mabulauza amabisa vutoli chifukwa pakadutsa kachigawo ka sekondi amayesanso IPv4, koma mapulogalamu akale amangodikira. Komanso seva yokhala ndi IPv4 ndi ULA idzafikiridwa pa IPv4. Limenelo si vuto, musataye nalo nthawi.

Nanga adiresi yakufayo yachokera kuti? Kawirikawiri pamakhala chida chachiwiri chomwe chikulengeza kuti ndi rauta: MiFi yomwe wina analumikiza tsiku lomwe intaneti inaduka, kapena rauta yakale yoikidwa kuti Wi-Fi ifike kuchipinda chakumbuyo. Pa Default Gateway mukaona ma fe80 awiri, mwachigwira. Lembani netsh interface ipv6 show neighbors, mufananize MAC (nambala yodziwira chida pa netiweki) ndi yolembedwa pa kapepala kunsi kwa chida chilichonse, ndipo muzimitse Router Advertisement (RA, uthenga wolengeza kuti ndi rauta) pa cholowereracho. Ngati switch yanu ili ndi RA Guard, yotchinga mauthenga otere ochokera ku zida zosayenera, iyatseni.

Gwero lina ndi kuzima kwa magetsi. Rauta ikadzuka ikhoza kulandira prefix (chigawo choyamba cha adiresi) yatsopano, pomwe malaputopu omwe anali pa batire akusungabe yakale. Pa laputopupo zimitsani Wi-Fi kapena zulani waya, nkubwezeretsa. Pulinta ndi seva muzipatse maadiresi osasintha a ULA mu /64 imodzi, kutanthauza prefix imodzi. SLAAC, njira yomwe makina amadzipangira okha adiresi ya IPv6, ikhale yoyatsa, chifukwa mafoni a Android salandira adiresi kudzera pa DHCPv6.

Tsamba likamatseguka theka nkuima, kayikirani kukula kwa mapaketi. Pa Windows yesani ping -6 -l 1232, kenako -l 1452. Yaing'ono ikadutsa, yaikulu nkumangosowa, pali firewall yomwe ikutseka ICMPv6, mauthenga omwe zida zimadziwitsirana za mavuto a panjira. Pa IPv6 rauta sidula paketi panjira, imabweza uthenga wa Packet Too Big, ndipo uthengawo ukatsekedwa wotumiza sadziwa zoti achepetse. Kuletsa ICMPv6 yonse sikuthandiza chitetezo, ingotsegulani.

Ambiri amathamangira kuchotsa chizindikiro pa IPv6 mu adaputa. Microsoft silimbikitsa kuzimitsa IPv6. Ngati mukufuna IPv4 izitsogola, tsegulani Registry ya Windows, muike DisabledComponents pa 0x20 mu HKLM\SYSTEM\CurrentControlSet\Services\Tcpip6\Parameters, nkuyambitsanso kompyuta. Pa Linux, mu /etc/gai.conf, kwezani mzere wa precedence ::ffff:0:0/96 ufike 100, ndipo mizere ina ya precedence muichotsenso #, chifukwa mukasintha umodzi tebulo lonse lakale limaleka kugwira ntchito.