Kuwerengera AMM poyesa ntchito ya inshuwalansi ya zaumoyo ku America

AMM (Antidepressant Medication Management) ndi muyeso umene unali m'gulu la HEDIS, mndandanda wa miyeso yoonera ntchito ya inshuwalansi ya zaumoyo, mpaka unachotsedwamo kuyambira m'chaka cha 2025. Unapangidwa ndi NCQA, bungwe la ku America loona za ubwino wa ntchito zaumoyo. Umaona ngati odwala matenda ovutika maganizo akupitiriza kulandira mankhwala.

Yambani ndi kusankha anthu a zaka 18 kupita m'mwamba. Tsiku loyamba kutenga mankhwala ndilo poyambira, koma pasakhale mankhwala ena a mtunduwu m'masiku 105 am'mbuyo. Dokotala akhalenso atalemba matendawo mkati mwa masiku 60 tsikulo lisanafike kapena litadutsa.

Kenako phatikizani masiku a mankhwala amene munthu anatenga ku famase. Muyesowu uli ndi magawo awiri. Gawo loyamba limafuna masiku 84 mkati mwa masiku 115, kuwerengera kuchokera pa tsiku loyambira lija. Lachiwiri limafuna 180 mkati mwa 232. Akasintha mtundu wa mankhwala, masiku amawerengedwabe.

Apa ndi pomwe ambiri amapunthwa: mankhwala ogula ndi ndalama za m'thumba, kapena amene dokotala anangopereka aulere, saoneka m'zikalata za inshuwalansi, choncho wodwala wokhulupirika amaoneka ngati anasiya. Komanso botolo limodzi la masiku 90 limakwaniritsa gawo loyamba ngakhale litangokhala m'kabati osatsegulidwa. Muyesowu umawerenga kutenga mankhwala, osati kumwa kapena kuchira.