Musanagule makina odzitchetchera okha kapinga

Anzanga a kuno ku Mzuzu amene mukufuna kuitanitsa makina amenewa, yambani mwaona kaye bwalo lanu, za mtengo zibwere pambuyo. Mabwalo athu ambiri ndi otsetsereka, ndiye funsani wogulitsa kuti makinawo amakwera chitunda chotani. Amalemba m'maperesenti. Ofooka amangoterereka pa udzu wonyowa n'kukumba matope ndi matayala, ndipo mvula yathu ino mukuidziwa, imafika mpaka Meyi.

Alipo amitundu iwiri ikuluikulu. Ena amatsata waya amene mumakhomera m'mbali mwa kapinga, ena amayendera setilaiti. Ngati pakhomo pali mapeyala ndi mango a mthunzi wambiri, ine ndingasankhe a waya, chifukwa a setilaiti amasokonezeka pansi pa mitengo. Koma muuzeni mnyamata wa m'dimba pamene wayayo wadutsa, asamudule ndi khasu.

Makinawa sathana ndi udzu wa m'maondo. Tchetchani kaye ndi chikwakwa, iwo azingometa pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku. Amadzitchaja okha, choncho ganizirani za sola magetsi akazima.

Timipeni take timabuntha msanga. Itanitsirani limodzi tapadera tambiri.