Mtukula Pakhomo: momwe banja la ana limalowera m'kaundula n'kuyamba kulandira

Anthu ambiri amawononga ndalama ya thiransipoti kupita ku ofesi ya Social Welfare kwa DC kukapempha fomu ya Mtukula Pakhomo, n'kubwerako chimanjamanja. Fomu yoteroyo kulibe. Pulogalamuyi, yopereka ndalama kwa mabanja osaukitsitsa, yomwe inayambira ku Mchinji mu 2006 n'kufika m'maboma onse 28 mu 2018, imasankha mabanja m'mudzi momwemo kudzera m'kalembera ndi msonkhano wa anthu. Ntchito yanu n'kuonetsetsa kuti mwalembedwa, ndipo mwalembedwa molondola.

Yambani mwadziyesa nokha. Banja liyenera kukwaniritsa zinthu ziwiri nthawi imodzi: likhale losaukitsitsa, komanso losowa manja ogwira ntchito. Kusaukitsitsa ndiye kudya kamodzi patsiku kapena kugona ndi njala, kudalira ganyu ndi kupempha, kusakhala ndi chiweto kapena katundu wogulitsika. Chachiwirichi ndi chimene chimagwetsa ambiri. Chimatanthauza kuti pakhomopo palibe munthu wa zaka 19 mpaka 64 wamphamvu zogwira ntchito, kapena alipo koma aliyense wa iwo akusenza anthu oposa atatu: ana, okalamba, olumala kapena odwala matenda amgonagona.

Tiwerengere limodzi. Agogo a zaka 70 amene akulera zidzukulu zitatu akulowa m'gululi, chifukwa palibe wamphamvu. Mayi wa zaka 35 wolera yekha ana anayi akulowanso. Koma mayi yemweyo akanakhala ndi ana awiri, sakanalowa, ngakhale umphawi utamufika m'khosi. Bambo ndi mayi athanzi a ana asanu nawonso salowa, pakuti aliyense akusenza ana osafika atatu. Ndipo kulowa m'gululi sikutanthauza kuti mulandira basi: malo ndi ochepa, pafupifupi mabanja 10 pa 100 alionse, motero amayambira amene ali pansi penipeni.

Khomo lolowera ndi kaundula wa boma wa mabanja wotchedwa UBR. Alembi amayenda khomo ndi khomo ndi matabuleti, atatsogozedwa ndi anthu a m'deralo, ndipo uthenga wa tsiku lake umadzera kwa amfumu ndi komiti ya chitukuko ya m'mudzi. Tsiku limenelo si lopita kudimba kapena kumsika. Pakhale munthu wamkulu wodziwa za pakhomopo. Kalemberayu sachitika chaka ndi chaka, ndiye mukaphonya mudzadikira nthawi yaitali.

Ikani pafupi chiphaso cha unzika cha aliyense wa zaka 16 kupita m'tsogolo, zikalata za kubadwa za ana kapena makhadi awo a kusikelo, ndi mabuku a kuchipatala a odwala ndi olumala. Dziwani dzina la sukulu ndi kalasi ya mwana aliyense. Mlembi adzafunsa za denga, kaya ndi la udzu kapena malata, za zipupa ndi pansi pa nyumba, chimbudzi, komwe mumatunga madzi, munda, ziweto, njinga, wailesi. Mayankhowa ndi amene kompyuta imagwiritsa ntchito posanja mabanja kuyambira losaukitsitsa.

Apa m'pamene zinthu zimalakwika kwambiri. Banja, pa kawerengedwe kameneka, ndi anthu amene amadyera mphika umodzi. Agogo ena amatchula ana obala okha n'kuiwala mwana wamasiye amene akhala naye zaka zitatu, poganiza kuti "ndi wa eni ake". Ameneyo ndi wa pakhomopo, mulembetseni. Ena amalembetsa mwana wawo wamkulu amene anapita kale ku Joni kapena m'tauni, ndipo dzina limodzi limenelo limaonetsa ngati pakhomo pali munthu wamphamvu. Mbuzi zongosungira m'bale wanu musazitchule ngati zanu. Zaka musazinene mwam'mutu. Kusiyana kwa 64 ndi 65 kumasintha zonse, choncho mlembi akopere pachiphaso. Manyazi nawo amapweteketsa: pali anthu amene amayankha kuti amadya katatu chifukwa anansi akumvetsera. Koma musachepetsenso dala, chifukwa bodza limakaululika pa msonkhano.

Msonkhanowo umachitika mndandanda ukatuluka. Mayina amawerengedwa poyera, pamaso pa anthu, mafumu, komiti ya anthu a m'deralo yoyang'anira pulogalamuyi (CSSC) ndi a ku boma, kuti anthu avomereze kapena akane. Pitani. Ngati dzina lanu lasowa, kapena pamveka dzina la munthu wa golosale, nthawi yoyankhula ndi imeneyo, osati pobwerera kunyumba. Dandaulo lanu aliike m'buku la komiti yoona madandaulo, ndipo likapanda kuyankhidwa, pamenepo ndiye ulendo wa ku ofesi ya Social Welfare uli ndi phindu. Amfumu payekha alibe mphamvu yoika kapena kuchotsa dzina, ndipo kulembetsa n'kwaulere. Wopempha ya fanta kapena gawo la ndalama zanu akuba, mukamunene.

Osankhidwa amaitanidwanso kukatsimikizira mayina. Amalemba wolandira wamkulu ndi wina womulandirira akadwala. Sankhani munthu amene amakhala pafupi ndipo mumamukhulupirira pa ndalama, osati chifukwa choti ndiye mwana woyamba.

Kuchuluka kwa ndalama kumatengera anthu a pakhomo, kuyambira mmodzi mpaka anayi. Oposa anayi amalandira chimodzimodzi ndi anayi. Pamwamba pake pamabwera kandalama ka mwana aliyense wa pasukulu, ka kusekondale kokulirapo. Poyamba paja ku Mchinji zinali K600 pamwezi kwa munthu mmodzi mpaka K1,800 kwa anayi, kuphatikiza K200 pa mwana wa pulayimale ndi K400 wa sekondale. Ndalamazi zakhala zikukwezedwa, koma kawerengedwe kake n'komweko, ndiye funsani mitengo yatsopano tsiku lotsimikiziralo n'kuwerengera nokha zimene muyenera kulandira. Mwana akakhoza mayeso a Sitandade 8 n'kuyamba Fomu 1, kanene kwa a CSSC ndi umboni wochokera kwa ahedi. Popanda kutero apitiriza kuwerengedwa ngati wa pulayimale. Chimodzimodzi mwana akabadwa, wina akamwalira kapena mukasamuka. Wolandira wamkulu akamwalira ana n'kutsala, nenani msanga kuti asinthe dzina, ndalama zisaime.

M'maboma ambiri ndalama tsopano zimadzera pa foni kapena pa khadi la banki. Simu ikhale yolembetsedwa ndi chiphaso cha wolandirayo, ndipo dzina lifanane chilembo ndi chilembo ndi la m'kaundula. "Nabanda" pamene pachiphaso pali dzina lina n'chifukwa chokwanira kuti ndalama zibwerere. Simu ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito imatsekedwa, choncho amene alibe foni aziibwereka n'kuikamo simuyo kawirikawiri. Nambala yachinsinsi isalembedwe pa kapepala kokulungira simu, ndipo musaiuze ejenti. Potapa ndalama, ilowetseni nokha, kapena akulowetsereni wokulandirirani amene munamusankha uja. Onani uthenga wa ndalama zimene zalowa musanatape, muwerenge ndalama zanu musanachoke pa kauntala. Wokuimbirani foni n'kumati ndi wa Mtukula Pakhomo ndipo mutumize kaye ndalama kuti dzina lanu lidutse, mudulireni foni.

Banja losauka koma lokhala ndi manja, limene lagwa pa mfundo yachiwiri ija, lifunse kwa alangizi kapena komiti ya chitukuko za ntchito zolipidwa za boma zosamalira chilengedwe, monga kukumba migula ndi kudzala mitengo. Mayina a kumeneko amatengedwanso m'kaundula yemweyo wa UBR.