Momwe mungadziwire mtengo woyenera wa galimoto yakale yapamwamba yofuna kukonza

Aliyense wogulitsa Jaguar kapena Mercedes-Benz yomwe yakhala pa njerwa zaka khumi amanena mawu amodzimodzi: "Yangotsala batire, mukathira mafuta ilira." Musamutsutse, koma musayambenso kukambirana naye za ndalama. Masamu a galimoto yotere amayambira kumapeto.

Choyamba, fufuzani kuti galimoto ngati yomweyo imagulidwa zingati ikakhala yokonzakonza. Ndikunena ndalama imene wina analipiradi, osati imene ogulitsa amangoitchula pa Facebook. Pa webusaiti yogulitsira magalimoto ya Bring a Trailer zotsatira za okushoni zimatsala poyera pamodzi ndi zithunzi, ndipo makampani a okushoni a Bonhams ndi RM Sotheby's nawonso amaonetsa zawo. Kampani ya inshuwalansi ya magalimoto akale ya Hagerty imagawa magalimotowa m'magulu anayi potengera momwe alili: 1 ndi yopita nayo ku chionetsero, 4 ndi yoyenda koma zilema zake zili poonekera. Inu tengani mtengo wa gulu 3, chifukwa ambirife ntchito yathu imathera pamenepo ngakhale timayamba tikulota za gulu 1. Samalaninso mtundu wake weniweni. Jaguar E-Type ya Series 1, yomwe inayamba kutuluka mu 1961, imadula kuposa ya injini ya V12 yomwe inabwera mu 1971, ndipo yotsegula denga imaposa ya mipando inayi.

Kenako manambala. Nambala ya chasisi igwirizane ndi ya pamapepala, ndipo injini ikhale yomwe galimotoyo inatuluka nayo ku fakitale. Za Jaguar, bungwe la Jaguar Daimler Heritage Trust limapereka satifiketi yotsimikiza izi. Injini ikakhala yobwereka kwina, mtengo utsike.

Tsopano dzimbiri. Apa ndichedwapo chifukwa ndi pomwe ndinapsa.

Ndinapita kukaona Rolls-Royce Silver Shadow ndili ndi tochi ndi kamaginito m'thumba, ngati munthu wodziwa. Paja maginito amakakamira pa chitsulo, ndipo akakana ndiye kuti pansi pa penti pali filler yobisa bowo. Ndinaika pa chitseko, anagwa. Pa boneti, anagwa. Wogulitsa anaseka n'kunena kuti, "Bwana, iyi ndi Rolls, bodi yake ndi aluminiyamu." Sananame kwenikweni: zitseko, boneti ndi chivundikiro cha buti za Silver Shadow n'zaaluminiyamudi. Chomwe sananene n'chakuti kwina konseko ndi chitsulo. Ndiye maginito atagwanso m'munsi mwa zitseko ndi kumbuyo kwa mateyala, ine ndinangoti ndi aluminiyamu yomwe ija, n'kubweza kamaginito m'thumba.

Tsiku lomwe wowotcherera anayamba kupala penti, filler inkagwa zibenthuzibenthu zokhuthala ngati chala. Kuseri kwake kunali waya wa sefa ndi nyuzi zokulunga. Pena anangobaya ndi sikuludiraiva n'kutulukira mbali ina. Choipa kwambiri n'chakuti Silver Shadow, yomwe inapangidwa kuyambira 1965 mpaka 1980, inali Rolls-Royce yoyamba yopanda chasisi chapadera: bodi yomweyo ndi imene imanyamula zonse. Zitsulo za m'munsi mwa zitseko zikawola, ndiye kuti msana wa galimoto wawola.

Choncho musakhulupirire penti wonyezimira, makamaka pa galimoto yomwe akuti yakhala osayenda. Ndani amapenta galimoto yogona? Ikwezeni pa jeki, gonani pansi. Chotsani kapeti, gwirani pansi pake ngati pali ponyowa. Tulutsani teyala la sipeya muone m'dzenje mwake. Bayani malo oikapo jeki. Mpata wa zitseko ukhale wofanana kuyambira pamwamba mpaka pansi, ndipo chitseko chikamatseka movuta galimoto ili pa jeki, bodi yafooka. Musanapite, fufuzani kuti pa mtundu umenewo n'ziti zaaluminiyamu. Mercedes-Benz 280 SL ija amati Pagoda nayonso zitseko, boneti ndi buti maginito sagwira. Wogulitsa akakana kuti muikweze, wakuyankhani kale.

Injini anthu amaiopa mopitirira. Ikani sipanala pa pule ya kutsogolo muone ngati ikuzungulira, onani ngati oyilo sanasakanikirane ndi madzi. Injini imamasulidwa n'kumangidwanso, ndipo makaniko angakuuzeni mtengo wake pasadakhale. Wa dzimbiri palibe amene amaudziwa asanatsegule.

Pali msampha wina. Ma Silver Shadow anapangidwa oposa 30,000, n'chifukwa chake ogona amapezeka motchipa mpaka kudabwitsa. Koma masipeya ake sadziwa kuti munagula motchipa. Mabuleki ake amayendera mahaidiroliki a mphamvu kwambiri, luso lochokera ku Citroën, ndipo galimoto ikakhalitsa osayenda zonsezo zimafuna kumasula. Chenjeraninso ndi ogulitsa masipeya pa intaneti amene chithunzi chawo chimakhala chimodzi chokha. Ine ndinalandirapo pampu "yokonzedwanso" yomwe anangoitsuka n'kuipenta.

Zam'kati musazipeputse: chikopa cha mipando, matabwa a padashibodi, kromu ya mabampa. Werenganinso tinthu tosowa, chifukwa galimoto yomwe imabwera ndi makatoni a zidutswa siikhala yokwanira, ngakhale mwini wake alumbire.

Masamu ake ndi awa. Lembani mtengo wa gulu 3 uja. Chotsani zomwe wowotcherera, wopenta, makaniko ndi wosoka mipando akuuzani, aliyense ataiona ndi maso ake, osati pafoni. Pa ndalama zokonzerazo ine ndimaonjezera theka lina la zosaoneka. Chotsaninso ya loli yoikokera ndi ya mapepala. Chotsalacho ndiye mtengo womuuza wogulitsa. Kawirikawiri chimatuluka chochepa kwambiri moti amakwiya, nthawi zina chimapita pansi pa ziro. Musiyireni nambala yanu ya foni, mudzipita.