Mmene ndinasinthira ball joint pa galimoto yothamanga kwambiri

Galimoto yanga inayamba kugogoda kutsogolo ikaponda pokumbika, ndipo nditaikweza pa jeke n'kugwedeza tayala, ndinapeza kuti ball joint (kachitsulo ka mutu wobulungira kamene kamalola tayala kukhota ndi kukwera kapena kutsika) ya m'munsi yatha. Vuto la galimoto zamtunduwu n'lakuti pa zambiri mwa izo ball joint imabwera yolumikiziratu ku control arm (mkono wolumikiza tayala ku thupi la galimoto) ya aluminiyamu, moti munthu amakakamizika kugula chitsulo chonsecho, chomwe mtengo wake ndi woboola m'thumba.

Mwamwayi, yanga inali yotheka kuchotsa payokha. Ndinaitulutsa ndi puresi (chipangizo chokankha mwamphamvu koma pang'onopang'ono), osati hamala, chifukwa aluminiyamu sachedwa kuchita ming'alu akamenyedwa, ndipo mng'alu pamalo amenewa ungathe kudzetsa ngozi. Mabawuti a ma bush (malabala a pamene control arm imamangidwira ku thupi la galimoto) ndinawamangitsa galimoto itatera pansi kuti labala asapotoke, kenako ndinakakonzetsa alayimenti (kaimidwe ka matayala) kuopa kuti matayala angadyeke mbali imodzi.