Kuika dump valve pa galimoto ya turbo: yambani mwaona kaye injini yanu

Ambirife timaifuna dump valve chifukwa cha kaphokoso kaja ka "psii" posintha giya, ndipo nane ndimakakonda. Koma ntchito yake yeniyeni ndi iyi: mukachotsa phazi pa akiseleta, throttle (kachitseko kolowetsa mpweya mu injini) imatseka pomwe turbo, yomwe imakankhira mpweya mu injini, ikupopabe. Mpweya ukasowa kolowera umabwerera n'kukawomba mapiko a turbo, ndiye valavuyi imautsegulira njira. Mphamvu siwonjezera, wogulitsa asakunamizeni.

Musanagule, tsegulani boneti. Ngati injini ndi ya dizilo, sungani ndalama zanu, chifukwa dizilo satsekera mpweya motere. Ngati ndi ya petulo, yang'anani paipi yochokera ku bokosi la air filter. Pakakhala kasensa ka MAF (koyeza kuchuluka kwa mpweya wolowa mu injini) kolumikizidwa ndi nthambo, monga pa Subaru WRX ndi Forester za turbo zochokera ku Japan, samalani kwambiri. Kasensako kamakhala katawerenga kale mpweya, kompyuta n'kuthira petulo wolingana nawo. Valavu ya kufakitale imabwezera mpweyawo m'paipi yolowera ku turbo. Inu mukautayira kunja, petulo amachuluka: utsi wakuda, mapulagi amwaye, galimoto kumazima mukamaima pa raundabauti. Pa injini zotere gulani valavu ya makomo awiri, yotaya pang'ono wina n'kubweza. Makampani a GFB ndi Turbosmart amapanga. Injini zodalira sensa ya MAP (yoyeza kupanikizika kwa mpweya) m'malo mwa MAF sizivuta motere.

Tsopano ntchito. Injini izizire, turbo imawotcha koopsa. Konzani masipanala, pulayala, makilampu atsopano ndi kansanza koyera, ndipo jambulani mapaipi onse pa foni musanamasule kanthu.

Valavu yakale mudzaipeza pakati pa turbo ndi throttle. Pa Subaru zambiri imakhala pa intercooler (choziziritsa mpweya wochokera ku turbo) pamwamba pa injini, yomangidwa ndi mabawuti awiri. Solani kapaipi kakang'ono ka vacuum (kothandiza valavu kutseguka), masulani paipi yaikulu yobwezera mpweya, kenako mabawuti. Bowo latsalalo tsekani msanga ndi kansanza kaja. Kanati kamodzi kakagweramo, mwagula mavuto aakulu.

Chotsani kansanzako, ikani valavu yatsopano ndi gasiketi yake, mumange mabawuti mosinthanasinthana, osakanikiza mopyola. Ngati valavuyo ndi yotayira kunja mpweya wonse, paipi yaikulu ija itsekeni ndi chotsekera chake chachitsulo, mumange kilampu. Apa m'pomwe ambiri amachita zachidule, kuvunga ndi selotepi. Musatero, fumbi lathu lino likalowera pamenepo limapita ku turbo osasefedwa. Kapaipi ka vacuum kachokere ku manifold (paipi yogawira mpweya ku masilinda), kuseri kwa throttle, kasapindike, ndipo mukamange ndi cable tie.

Lizani injini, muisiye ikulira yokha. Ikamanjenjemera kapena kufuna kuzima, sipuling'i ya valavu yafewa, mpweya ukudutsa. Limbitsani pang'ono sikuluwu ya pamwamba ngati valavu yanu ili nayo. Kenako kayeseni pamsewu wopanda anthu. Mukasiya moto n'kumva "tututu" m'malo mwa "psii", mwalimbitsa kwambiri, mpweya ukubwereranso ku turbo. Bwezani theka la kuzungulira, muyesenso.

Valavu yakale musataye. Isungeni m'kajumbo pamodzi ndi makilampu ake, kuti nyali ya check engine ikayaka mudzathe kuibwezeretsa tsiku lomwelo.